Miyala ya Nsomba za Madamu

Joni, 11 Febuluwale 2024

Okondedwa amake Wisdom,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumudziko, inu, Leah ndi adzukulu? Ine kuno ndili bwino, kupatula bondo lija limene limandikumbutsa kuti unyamata wanga ndinaumalizira m'madzi.

Dzanja mukulionali ndi la mwana wanu Wisdom. Anafika bwino, ndipo masaya ayamba kale kutuluka. Alli wa ku Songani, amene wakhala akundilembera makalata zaka zonsezi, ndamuuza kuti apume. Munthu wobereka salemberedwa ndi mwana wa eni, wake ali pomwepo. Wisdom ndamuuza kuti azilemba mawu anga monga akutulukira m'kamwa, asathiremo nzeru zake za kusekondale. Naye mlongo wake Leah akamakuwerengerani asamathamange.

Madamu avomera kuti mnyamatayu azindithandiza kumaluwa ndi kutsuka galimoto. Malowa ndinamupemphera ndine. Anthu akafunsa muziwauza choncho, kuti ntchito anaipeza chifukwa cha dzina la bambo ake, poti pakhomo pano sindinaswepo ngakhale kapu.

Tsopano imvani zoseketsa. Madamu agula thanki yagalasi, yaitali ngati bokosi la maliro a mwana, ndipo aiika pabalaza. Akuti akufuna kuweta nsomba za kunyanja yaikulu yamchere. Athiramo madzi, mchere wogula m'chidebe, mchenga woyera ndi miyala ina yamabowomabowo. Nsomba mulibe. Akuti tidikire mwezi kapena kuposa kuti madziwo akhwime kaye. Banja lonse limakhala pansi madzulo kumayang'ana miyala. Ine ndimangodutsa ndi khasu langa, kuseka chamumtima.

Koma nsombazo zikadzafika adzandiitana, musakayike. M'nyumba muno ndani wina anagwirapo nsomba yamoyo? Ine ndinabadwira pa Kachulu, ndagonapo pa zimbowera, tizisakasa toyandama ta asodzi tija, miyezi yathunthu pakati pa njedza, ndipo madzi a Chilwa nawonso ndi amchere. Chipanda nyanja kuuma chaka chija, bwenzi Joni ndikungomumva m'nyimbo.

Ndamva kuti mvula yadula ndipo chimanga chikufota. Mtima wanu ukhale pa mpunga wa ku Likangala. Tsiku lathu la madzi likafika, mukaime nokha pa ngalande, musatume mwana, a kumtunda aja amatseka akaona kuti palibe wamkulu. Sharifu wa galimoto ya katundu akupatsani shuga, mafuta ophikira ndi jekete. Musanampatse munthu jeketeyo, pisani m'thumba lam'kati, muli ndalama ya feteleza.

Ndine amuna anu,
Enoki

Joni, 17 Marichi 2024

Amake Wisdom,

Moni nonse. Ndakondwa kumva kuti katundu anafika ndipo chifuwa chija chakusiyani. Ine ndili bwino. Bondo likadali pomwepo.

Thanki ija tsopano yasanduka chipatala. Kunsi kwake kuli kabati, ndipo mukatsegula mumapeza kathanki kena ndi mapaipi opiringizana ngati matumbo a mlamba. Madzi amatsikira m'menemo, amadutsa m'masiponji amene amakola zinyalala ngati sefa, kenako pampu imawakwezanso. Muli kandodo kagalasi kotenthetsa madzi, kuopa kuti nsomba zingamve chisanu. Mulinso china chimene Wisdom akuchitcha sikima. Chimatakasa madzi mpaka thovu, thovulo limakwera ndi litsiro n'kugwera m'kakapu, ndipo kakapuko kamanunkha ngati doko la Kachulu mwezi wa Okutobala. Pamwamba pali nyali yobiriwira imene imayaka ndi kuzima yokha. Zonsezi zimalira usana ndi usiku. Nsomba mpaka lero mulibe.

Madzi a pampopi, amene ine ndakhala ndikumwa zaka zonsezi osafa, akuti nsombazo sizingamwe. Amagula ena osefedwa kusitolo.

Tsiku lina ndinalowa kudzathirira maluwa a m'miphika. Ndinaviika chala m'thankimo n'kulawa, kuti ndimve ngati mchere wakwana. Madamu anakuwa ngati ndaponda mwana. Akuti m'manja mwanga muli feteleza. Kenako anatulutsa kachitsulo kosuzumira ndi diso limodzi, amadonthezapo madzi n'kuona mchere m'katimo. Anampatsa Wisdom kuti asuzumire. Ine sanandipatse.

Ndinamufunsa mnyamatayu madzulo kuti, “Kodi iwe, nsomba unaidziwira kuti? Suja unkalira m'bwato kuti ukufuna amako?”

Iye anati, “Ababa, zimenezi ndi zowerenga pafoni, si za m'bwato.”

Ndamuuza kuti alembe yankho lakelo momwe analinenera, kuti mumve nokha mmene mwana wanu akuyankhulira masiku ano.

Tsopano maluwa ndikulima ndekha monga kale. Iye amaitanidwa m'nyumba, amakhala pampando wa pabalaza, mutu wake ndi wa Madamu zitaweramira foni imodzi. Mpando umenewo ine ndaunyamulapo kangapo potsuka kapeti, koma sindinaukhalepo. Sindikudandaula. Ndikungokuuzani.

Chinanso, ndamva kuti mumayankhula naye pafoni ya Leah pafupifupi Lamlungu lililonse. Ine za pafoni sindizikonda, mawu ake amauluka. Komabe mukamamaliza muzifunsako ngati nkhalamba ilipo.

Mbuzi yaikazi ija musagulitse, ngakhale chimanga chikwere bwanji. Gulitsani tonde.

Ndine,
Enoki

Amayi, ndine Wisdom. Pampando paja ndinakhalapo kamodzi kokha, ndipo anachita kundiuza.

Joni, 28 Epulo 2024

Amake Wisdom,

Landirani moni wanga. Ndikhulupirira kuti Mulungu akukusungani. Ife kuno kwayamba kuzizira, koma tili bwino.

Nsomba zija zafika. Konzekani kuseka. Zilipo ziwiri, zofiirira ngati lalanje, zamizere yoyera, kukula kwake ngati matemba onenepa. Mtengo wa imodzi mukhoza kugula nkhuku zingapo pa Songani. Sizidyedwa. Zili ndi mayina, ndipo ana a Madamu amazipatsa moni asanapite kusukulu. Ine amangondikwezera dzanja.

Tsiku lofika nsombazo ndinavala malaya oyera n'kumasesa pafupi ndi khomo la kukhitchini. Palibe anandiitana. Ndinaonera pawindo Wisdom akuyandamitsa thumba la nsombazo pamwamba pa madzi, kumathiramo madzi pang'onopang'ono ndi kapu ngati akumwetsa wodwala. Atamaliza, Madamu anamuwombera m'manja. Tsopano amamuitana kuti Wizi. Dzina limene tinamupatsa patchalitchi latalika.

Madzi a m'thankimo amatsika tsiku ndi tsiku, ndipo Wisdom amawonjezera opanda mchere. Ndinawauza kuti zimenezo ine ndinaziona asanabadwe, kuti madzi akauluka mchere umatsala, n'chifukwa chake Chilwa akamaphwa pansi pamayera. Madamu anangoti inde inde, maso ali pa nsomba. Wisdom anati, “Zili kale m'buku, ababa.” Ndiye kuti buku linayamba kuona Chilwa ine ndisanamuone.

Koma pali chimene ndikuona ine chimene buku lawolo silikuona. Miyala ija inabwera yoyera, lero yada. Yamera ndere, kwina kofiirira, kwina kobiriwira. Masiponji a kunsi aja achita bii. Kwathu msodzi wosiya ukonde ndi ndere timamutcha waulesi, ndipo ukonde wakewo suchedwa kuola. Ukonde umachapidwa n'kuyanikidwa padzuwa, inu mukudziwa, munkandithandiza kuyala pamchenga.

Nditamuuza, anati, “Ababa, chonde, miyala imeneyo musadzaigwire. M'mabowomo mumakhala tizilombo tosaoneka ndi maso. Timadya zoipa zimene nsomba zimatulutsa. Mwezi wonse uja tinkadikira timeneto. Tikafa, madzi amasanduka poizoni.”

Ndinati, “Tizilombo tosaoneka, todya manyi a nsomba? Iwe unationa?”

Anati sanatione.

Ndinati, “Ndiye ulesi wako waupezera dzina.”

Anaseka, ndipo panopa akusekanso polemba. Aseke.

Madamu amupatsa makiyi a nyumba yaikulu, kuti azilowa kudyetsa nsomba iwo akachoka. Makiyi amene ine ndili nawo ndi a shedi ya makasu.

Leah wanena pafoni kuti munaimirira kumvano kuthokoza Mulungu chifukwa cha malata amene mwana wanu wakutumizirani. N'zabwino kuthokoza. Koma khoma limene malatawo akhalepo linamangidwa ndi ndani? Njerwa zija sizinagwe kumwamba. Mukadzaimiriranso mudzakumbukeko.

Mpunga mukamweta musagulitse wonse kwa mavenda a pamsewu. Chaka chino njala ikubwera, sungani.

Amuna anu,
Enoki

Joni, 7 Julaye 2024

Amake Wisdom,

Moni. Musadabwe ndi dzanjali, ndi la Alli. Palibe choipa. Wisdom wapita kumalire kukadinditsa pasipoti yake, abwera mawa kapena mkuja. Madamu ndi banja lonse ali kutchuthi kunyanja. Pakhomo pano ndatsala ndekha, ndipo makiyi a nyumba yaikulu ali m'thumba mwanga pamene ndikuyankhula pano.

Pochoka anandisiyira malamulo ngati ndine mwana wa sukulu. Chakudya chotsina ndi zala ziwiri basi. Madzi osefedwa mpaka pa kamzere. China chilichonse osagwira. Ndinangoti chabwino, bwana.

Amake Wisdom, dzulo ndagwira ntchito imene mukanaiona mukanalulutira. Ndinatulutsa miyala yonse umodziumodzi. Ndinaikwecha ndi bulashi ndi sopo waufa, ndinaiviika m'mankhwala oyeretsera zovala aja, kenako ndinaiyala pakapinga kuti iwombedwe ndi dzuwa tsiku lonse, monga tinkachitira ndi khoka. Masiponji ndinawachapa mpaka madzi ofinya anatuluka oyera. Galasi ndinalipukuta m'kati ndi kunja. Usiku ndinazimitsa makina aphokoso aja kuti nsomba zigone, ndiponso magetsi kuno ndi ogula. Lero m'mawa ndabwezeramo zonse n'kuyatsa. Miyala ili mbuu ngati ufa woyera. Tizilombo take taja ndinayang'ana bowo lililonse, sindinapezemo ngakhale kamodzi.

Nditamaliza ndinakhala pampando uja. Ndi wofewa, koma si kwenikweni.

Musamuuze akaimba foni. Ndikufuna adzaone yekha, ndipo Madamu akadzafunsa kuti wachita izi ndani, adzayankhe ndi pakamwa pake.

Alli akuti bwenzi nditadikira mwini wake. Alli ndi wa ku Songani, nsomba amaidziwira pamsika itauma kale.

Chimodzi chokha. Chakumasanaku nsomba zija zayamba kubwera pamwamba, kumayasamula kukamwa. Ku Chilwa tinkaziona zotere nyanja ikamaphwa. Koma izi ndi nsomba zachilendo, mwina ndi mmene zimasangalalira.

Bulangete ndikutumizirani Sharifu akamabwera ulendo wamawa. Kuno chisanu chikuluma.

Ndine,
Enoki

Joni, 4 Ogasiti 2024

Amake Wisdom,

Moni nonse kumeneko. Ndachedwa kulemba chifukwa cha ntchito. Thupi lili bwino, koma tulo ndi tovuta, mwina n'chisanu. Akulemba ndi Alli.

Nsomba zija kulibe. Musandifunse zambiri.

Wisdom sakukhalanso kuno. Ali kwa anzake ena kutauni, ndamva kuti ali bwino. Mukamayankhula naye pafoni mumva zambiri, koma muzikumbukira kuti nkhani ili ndi mbali ziwiri.

Alli waika cholembera pansi, akuti sapitiriza ndikapanda kunena bwinobwino. Anthu a masiku ano. Chabwino.

Wisdom atafika anakaima pa thanki paja. Madzi anali atachita mkaka. Nsomba zija anazivuula zitafa ndi kaukonde, anazikulunga m'pepala. Kenako anafunsa kuti, “Ababa, sopo?” Ndinati ukhondo sunaphepo munthu. Anatuluka nalo pepalalo.

Madamu atabwera, ana analira ngati pagwa maliro. Ine ndinali panja pawindo, ndikudulira maluwa. Chizungu sindichiyankhula bwino koma ndimachimva. Anafunsa kuti wagwira miyala ndani. Mwana wanu anati ndi iyeyo. Anati anafuna kuyeretsa asanapite kumalire, ndipo analakwitsa. Madamu anati munthu amene iwo anamuphunzitsa zonse n'kuchita dala zotere sangamukhulupirirenso. Anamuuza kuti asiye makiyi patebulo.

Ine lumo linali m'manja. Ndinapitiriza kudulira.

Akulongedza chikwama kuchipinda kwathu, ndinamufunsa kuti, “Anakutuma ndani kuti undiyankhulire? Ine ndilibe pakamwa?”

Anati, “Pakamwa muli napo, ababa, ndinadikira. Koma inu akakuchotsani pano, ndi bondo limenelo mukalowera kuti? Ine ndine mnyamata, ndikapeza kwina.”

Mwamva? Kundimvera chisoni ine, amene ndinamunyamula paphewa kuwoloka naye Likangala atadzaza. Anatenga mpando, anatenga makiyi, anatenga mayi ake pafoni, ndipo tsopano watenganso mlandu wanga n'kupita nawo, kuti anthu azidzati mwamuna pakhomo paja anali mwana. Ngakhale cholakwa changa chomwe sanandisiyire.

Makiyi aja tsopano ali ndi ine. Madamu akuti ine ndiye wokhulupirika, sindinaswepo kanthu. Ataya madzi onse, atsukuluza miyala, athira atsopano, ndipo akuti tiyambirenso kudikira. Ndimalowa m'mawa uliwonse kuwonjezera madzi mpaka pa kamzere ndi kutaya za m'kakapu. Pali timabotolo todonthezera m'madzi kuti mtundu usinthe, kenako umafanizira ndi pepala. Manambala ake sindiwatha. Ndimangogwedeza mutu Madamu akamayang'ana. Kachitsulo kosuzumira kaja ndinasuzumiramo ndili ndekha. Muli mzere wobiriwira basi.

Pampando paja sindinakhaleponso. Umandipweteka msana.

Mwezi uno ndatumiza ndalama zochepa, mundikhululukire. Zina ndinampatsa Alli kuti akasiye kumene akukhala mnyamatayo. Anazibweza.

Enoki

Joni, 22 Seputembala 2024

Okondedwa amake Wisdom,

Moni wochuluka kwa inu, Leah ndi adzukulu. Ine ndili bwino. Yang'anani dzanjali bwinobwino musanabweze. Mwalizindikira? Tsopano muuzeni Leah awerenge.

Kalata yanga yapitayi Sharifu anabwera nayo yosatsegula, ndi mawu anu akuti pakhomo panu pamawerengedwa dzanja la mwana wanu lokha. Ananena zimenezi pamaso pa anthu, pamalo otsitsira katundu, ndipo amayi ena a ku Jali anaseka. Zaka zonse takhala m'banja simunandibwezerepo ngakhale mbale ya ndiwo. Ndinakwiya sabata yathunthu. Matemba munatumiza aja ndinaona kuti ndi mapaketi awiri, ndipo ndinawayeza m'manja. La Wisdom linali lolemerako. Musakane.

Ndinapita nalo ndekha paketi lakelo. Ndinakwera mateksi awiri, ndinasochera kamodzi. Ndinamupeza pa sitolo yogulitsa nsomba zoweta, yomweyo imene Madamu amagulako madzi. Anayamba n'kunyamula zidebe, tsopano amamutuma m'nyumba za anthu kukasamalira mathanki. Wavala malaya olembedwa dzina lake pachifuwa, lonse, osati lodula lija. Zimene tinakambirana kuseri kwa sitoloyo ndi za amuna. Akufuna kulemba, ndamuletsa.

Lachiwiri lotsatira ndinavala malaya oyera aja n'kugogoda pa khomo la kutsogolo. Chizungu changa chinakwana kuwauza kuti miyala ija ndinaikwecha ndine. Madamu anatambasula dzanja, ine n'kuikamo makiyi. Sanandichotse. Akuti maluwa awo sanalakwe. Koma pabalaza ndisamalowe ndekha. Anaimbira foni Wisdom kuti abwerere, iye anathokoza n'kukana, akuti kumene aliko akuphunzira zambiri. Ndiye agwirizana ndi a sitolo kuti azibwera Loweruka lililonse kudzaona thanki. Amalowera khomo la kutsogolo, amamupatsa tiyi m'kapu ya alendo. Ine ndimamunyamulira chidebe. Mukaimirira kumvano mukhoza kunena zimenezo, koma munene kuti chidebecho ndimanyamula mwa kufuna kwanga.

Dzulo anabwera ndi mwala m'thumba la madzi. Amake Wisdom, mwala wonyansa ngati umenewo sindinauonepo. Wakuda, wandere, wonunkha doko. Akuti wakhala zaka zambiri m'thanki ya kusitolo. Anandipatsa kuti ndiuike ndine, nditasamba m'manja ndi madzi okhaokha mpaka m'zigongono. Ndinauika pakati pa miyala yanga yoyera ija.

Ndinafunsa kuti, “Tsono wonyansawu ntchito yake n'chiyani?”

Anati, “Tizilombo tija tili m'menemu. Tichoka umu n'kukalowa m'miyala inayi. Popanda wakalewu, yatsopanoyi ichedwa kukhala ndi moyo.”

Ndinati, “Bwereza.”

Anabwereza.

Ndinati, “Ndiye kuti m'thanki monsemu, ndi mapampu ake ndi nyali zake, chofunika kwambiri ndi mwala wokalamba?”

Anati, “Eya, ababa. Bola munthu asaukweche.”

Nsomba zatsopano zibwera madzi akakhwima. Akuti thumba lija ndidzagwira ndine poliyandamitsa, iye azidzathira ndi kapu. Tizilomboto mpaka lero sindinatione, ndipo ndamuuza kuti sindinavomere kuti tilipo. Ndangoti mwalawo sindiugwira.

Konzani nazale ya mpunga msanga, mvula ya chaka chino isatipeze tili m'tulo. Ya mbewu ili ndi Sharifu, theka ndi yanga, theka ndi yake. Pothokoza muyambe ndi ine.

Mawu aja a mwala wokalamba ndamuuza kuti awalembe kawiri, kuti Leah akawerenge kawiri. Akukana, akuti pepala latha. Ndikuliona pepalalo, malo alipo.

Ndine amuna anu,
Enoki

Amayi, mapaketi aja anali ofanana. Ababa ndinawaona akutapa m'langa tisanafike n'komwe kuseri kwa sitolo. Wisdom.